Mwana akalephera kutema nsima: chithandizo cha occupational therapy m'boma la Ntcheu

Boma la Ntcheu ndi limodzi mwa maboma ochepa m'Malawi muno kumene ana aulumali anawerengedwapo mwadongosolo, ndipo chifukwa cha ichi nkhani ya chithandizo chimene anawa akufunikira ingathe kukambidwa ndi ziwerengero m'manja, osati mongopenekera. M'chaka cha 2013 akatswiri a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, mogwirizana ndi anzawo a ku College of Medicine ku Blantyre, anachita kafukufuku ku Ntcheu ndi ku Thyolo pogwiritsa ntchito anthu 500 a m'midzi momwemo, amene anaphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro za ulumali ndi kulemba ana onse amene ankawakayikira. Ana olembedwa anakwana pafupifupi 15,000, koma amene anafika kumalo oyezera kuti aonedwe ndi madokotala anali 7,220, ndipo mwa iwowa 2,788 anapezeka ndi ulumali kapena matenda a khunyu. Zotsatirazi, zimene zinasindikizidwa mu 2017 m'magazini ya zachipatala ya BMC Pediatrics, zinaonetsa kuti ana 17 mwa ana 1,000 aliwonse ali ndi vuto lotere, ndiponso kuti ulumali wa ziwalo ndiwo unali patsogolo, pa ana 39 mwa 100 aliwonse amene anapezeka ndi vuto, motsatiridwa ndi kusamva pa ana 27, kuchedwa kwa nzeru pa ana 26, khunyu pa ana 22 ndi vuto la maso pa ana 4. Ziwerengerozi zikaphatikizidwa zimapitirira 100 chifukwa mwana mmodzi amatha kukhala ndi mavuto awiri kapena atatu nthawi imodzi.

Ochita kafukufukuwo anayerekezanso kuti pa anthu 1 miliyoni aliwonse pali ana pafupifupi 2,100 amene angapindule ndi fizo komanso occupational therapy, ndipo ana 300 akufunika njinga ya olumala. Popeza kalembera wa 2018 anapeza anthu 659,608 ku Ntcheu, masamu ake akupereka ana pafupifupi 1,400 ndi njinga pafupifupi 200 m'boma limodzi lokhali, kuyambira kumapiri ozizira a Tsangano ndi Lizulu mpaka kuchigwa chotentha cha Bwanje. Komabe chiwerengero chodetsa nkhawa kwambiri ndi cha ana amene analembedwa koma osaoneka, pakuti oposa theka sanafike pamalo oyezera ngakhale kuti malowo anakhazikitsidwa m'maboma awo omwe. Kafukufuku wina wotsatira, amene anachitika ku Thyolo, anapeza kuti mwa ana 150 a vuto la makutu amene anapatsidwa kalata yopita ku chipatala cha Queen Elizabeth, 5 okha ndiwo anakafika. Ngati ulendo umodzi wokha unakanika mabanja ochuluka chotere, ndiye kuti chithandizo chofunika kuchibwereza kwa miyezi ndi zaka sichingamangidwe pa chiyembekezo choti mayi wa ku Kasinje kapena ku Kandeu azikwera minibasi mwezi ndi mwezi, mwana wa zaka 5 ali kumbuyo, kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Fizo anthu ambiri amaidziwa, chifukwa amaiona kwa akuluakulu odwala sitiroko ndi kwa othyoka mafupa. Occupational therapy ndi ntchito ina ya zaumoyo, imene cholinga chake ndi kuthandiza munthu kuchita yekha, kapena ndi thandizo lochepa, zinthu zimene zimadzaza tsiku lake, ndipo kwa mwana wamng'ono zinthuzi ndi kuyamwa, kudya, kukhala tsonga, kusewera, kuvala, kudzithandiza ndi kuphunzira. Wa fizo amaika mtima kwambiri pa mphamvu za minofu, kupindika kwa mfundo za mafupa ndi kayendedwe, pamene katswiri wa occupational therapy amayamba ndi kufunsa chimene mwana akulephera kuchita pakati pa anzake a msinkhu wake, kenako n'kufufuza ngati chomulepheretsacho chili m'thupi mwake, m'ntchito imene wapatsidwayo kapena m'malo amene akukhala. Mwana amene sangathe kutema nsima, mwachitsanzo, n'kutheka kuti zala zake n'zouma, komanso n'kutheka kuti zalazo zili bwinobwino koma manja onse awiri atanganidwa ndi kudzichirikiza pansi kuti asagwe chifukwa msana sunalimbe, ndipo zikatere chomuthandiza ndi mpando womugwira m'chiuno ndi m'nthiti, osati kumuwongola zala.

Ntchito ya occupational therapy inakhazikika ngati luso lapalokha ku America mu 1917, pamene bungwe lake loyamba linapangidwa ku Clifton Springs m'dera la New York, ndipo inakula pa nthawi ya nkhondo ziwiri zikuluzikulu chifukwa cha asilikali ovulala amene ankafunika kuphunziranso kugwiritsa ntchito manja. Bungwe la akatswiriwa pa dziko lonse, World Federation of Occupational Therapists, linayamba mu 1952. Kuno ku Malawi chithandizo cha anthu aulumali chinadzera khomo la poliyo, pakuti bungwe la Malawi Against Polio, limene linayamba mu 1979 ndipo pambuyo pake linasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, ndilo linatsegula malo a Kachere ku Blantyre ndi kuyamba kuphunzitsa ma rehabilitation technician, anthu amene amapatsidwa zoyambirira za fizo ndi occupational therapy pamodzi kuti akatumikire m'maboma. Digiri ya fizo inayamba ku College of Medicine mu 2010, koma kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna kuphunzira occupational therapy ankayenera kutuluka kunja, ndipo ambiri anakaphunzira ku Moshi m'dziko la Tanzania. Mbiri imeneyi ndiyo imafotokoza chifukwa chake akatswiriwa ali owerengeka ndipo ambiri mwa iwo amapezeka m'mizinda.

Vuto limene limabweretsa ana ochuluka kwa akatswiriwa ndi cerebral palsy, kutanthauza kuvulala kwa ubongo umene ukukula kumene, kochitika mwana ali m'mimba, pobadwa kapena m'zaka zoyambirira, kumene kumasokoneza mmene ubongo umalamulira minofu, kotero kuti ziwalo zina zimauma, zina zimalobodoka, zina zimagwedezeka mwini wake asakufuna. Dokotala wa ku London, William Little, anafotokoza vutoli cha m'ma 1860 ndipo analigwirizanitsa ndi kubereka kovuta. Mpaka lero kubanika pobadwa, kumene amayi amakufotokoza ponena kuti mwana sanalire, ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu m'mayiko ngati Malawi, pamodzi ndi kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu m'sabata yoyamba, matenda oumitsa khosi ndi malungo a mu ubongo. Pa malungowa umboni unachokera m'dziko momwe muno: kafukufuku wotsogoleredwa ndi Gretchen Birbeck ku chipatala cha Queen Elizabeth, amene anasindikizidwa mu 2010, anatsatira ana ochira malungo a mu ubongo ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anatsala ndi khunyu, ulumali watsopano kapena kusintha kwa khalidwe, monga kusakhazikika ndi ukali. Mwana wotere amatuluka m'chipatala atalembedwa kuti wachira, koma kunyumba makolo amalandira mwana amene waiwala kuyenda, kulankhula kapena kugwira sipuni, ndipo kawirikawiri palibe amene anawachenjeza.

Pali gulu linanso limene silikumbukiridwa msanga, la ana opsa ndi moto. M'miyezi ya June ndi July kumtunda kwa Ntcheu kumazizira kwambiri, ana amaothera moto pafupi, ndipo mwana wa khunyu akagwa pamoto kapena wokwawa akapisa dzanja m'phala lotentha, chilonda chimapola mokoka khungu, zala n'kumatirira m'chikhatho. Kachipangizo kogwira dzanja kuti likhale lotambasuka pamene chilonda chikupola, kamene akatswiriwa amaumba molingana ndi dzanja la mwanayo, kangathe kupewetsa opaleshoni imene ikadafunika pambuyo pake.

Kuvulala kwa ubongo kwa cerebral palsy sikuchira, sikupatsirana ndipo sikukulirakulira, koma zotsatira zake m'thupi zimakula ngati mwana wasiyidwa, ndipo n'chifukwa chake nthawi yoyambira chithandizo ili yofunika kwambiri. M'zaka zoyambirira ubongo umapanga njira zatsopano mofulumira potengera zimene mwana akuchita mobwerezabwereza, kotero kuti luso lophunziridwa pa chaka chimodzi limalowa mosavuta kuposa pa zaka 7. Zizindikiro zake sizifuna makina: mwana amene sakulimba khosi pa miyezi 4, amene sakukhala yekha pa miyezi 9, amene sakuyenda pa miyezi 18, amene amafumbata dzanja limodzi nthawi zonse kapena kukonda dzanja limodzi asanakwanitse chaka, ayenera kuonedwa. Malo abwino oonera zimenezi alipo kale, pakuti ku sikelo, kumene alangizi a zaumoyo amafika ngakhale m'midzi yakutali, ndi kumene pafupifupi mwana aliyense amadutsa, ngakhale kuti chidwi chachikulu kumeneko chimakhala pa kulemera ndi katemera. Chida choyezera makulidwe chogwirizana ndi moyo wa kuno chiliponso, Malawi Developmental Assessment Tool, chimene Melissa Gladstone ndi anzake anasindikiza mu 2010, chokhala ndi mfundo 136 zoyesa kuyenda, luso la manja, chilankhulo ndi kakhalidwe ndi anthu, ndipo chinapangidwa chifukwa zida zochokera ku Ulaya ndi ku America zinkafunsa ana a kumudzi zinthu zimene sanazionepo.

Pa ntchito zonse za tsiku la mwana, kudya ndiko kumene katswiri angapulumutsirepo moyo. Pali chizolowezi chodyetsa khanda litagonekedwa chagada pamiyendo ya amake, mutu utapendekera kumbuyo, n'kumalithira phala lamadzimadzi m'kamwa. Mwana wabwinobwino amapirira nazo, koma kwa mwana amene minofu ya lilime ndi ya pakhosi siigwirizana, phalalo limasochera n'kulowa m'njira ya mpweya, ndipo zotsatira zake ndi kutsamwa, kukhosomola pa chakudya chilichonse ndi chibayo chobwerezabwereza chimene banja silichigwirizanitsa ndi kadyetsedwe. Katswiri amaphunzitsa mayi kukhazika mwanayo mowongoka, chibwano chitatsika pang'ono, kumupatsa phala lolimbirako chifukwa limayenda pang'onopang'ono pakhosi, kugwiritsa ntchito sipuni yaing'ono, kudikira kuti ameze asanamupatse lina, ndi kuchirikiza nsagwada ndi zala ngati kamwa silikutsekeka. Kapu yapulasitiki yodulidwa mbali imodzi imapatsa mphuno malo kuti mwana amwe osakweza mutu, ndipo sipuni yokulungidwa nsalu kapena mphira wa chubu cha njinga pa chogwirira chake imakwanira m'dzanja limene silitha kufumbata chinthu chochepa. Popeza mwana wotere amadya pang'ono ndipo amatopa msanga, chakudya chake chiyenera kukhala champhamvu, chothira nsinjiro, mafuta kapena mapeyala, ndipo mbatata ya kachewere imene Ntcheu imatchuka nayo, ikaphikidwa n'kuphwanyidwa bwino, ndi yosavuta kumeza. M'dziko limene kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anapeza ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ali opinimbira, mwana wovutika kumeza ndiye amakhala woyamba kunyentchera, ndipo thupi lopanda chakudya silingalimbe ndi masewera ena aliwonse.

Chachiwiri ndi kakhalidwe ka thupi m'maola onse a tsiku. Mwana amene amagona pamphasa m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, miyendo itapingasa, minofu yake imafupika, fupa la m'chiuno limatha kuguluka, msana umakhota, ndipo amaona denga lokhalokha pamene anzake akuphunzira dziko. Kubereka kumbuyo ndi chitenje kuli ndi ubwino pano, chifukwa kumatangadza miyendo imene imafuna kupingasa ndipo kumaika mwana pakati pa anthu, bola mutu uzisinthidwa mbali ndipo asamakhale kumbuyoko tsiku lonse. Mpando wapangodya, umene umagwira msana ndi mbali zonse ziwiri ndipo uli ndi kathebulo patsogolo, kalipentala wa pa Kampepuza kapena pa Nsipe angathe kuukhoma ngati wapatsidwa miyezo yoyenera. Pali njira inanso yotsika mtengo yotchedwa Appropriate Paper-based Technology, imene Bevill Packer anaiyambitsa ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, yomata makatoni ndi mapepala akale ndi phala la ufa mpaka zitauma gwa, n'kupanga mipando ndi zoimikira ana. Adani ake ndi chinyezi, chiswe ndi makoswe, motero imafunika kupakidwa penti ndi kusungidwa pouma. Buku la David Werner lotchedwa Disabled Village Children, la mu 1987, linafalitsa nzeru zambiri za mtundu umenewu, kuphatikizapo kampando koboola pakati koika pa chimbudzi chokumba ndi mtengo wogwirira, zinthu zimene zimasiyanitsa mwana wa zaka 6 wodzithandiza yekha ndi wonyamulidwa.

Luso la manja limakula m'masewera ndi m'tintchito ta pakhomo, ndipo pano mudzi suli wosauka monga mmene ena amaganizira. Kuumba ng'ombe zadothi kumalimbitsa chikhatho, kutong'ola chimanga kumafuna kuti dzanja lina ligwire pamene lina likugwira ntchito, kusankha nyemba palichero kumaphunzitsa chala chachikulu ndi chamkombaphala kutola pamodzi, ngakhale kuti mwana woika zinthu m'kamwa ayenera kuyang'aniridwa, ndipo phada ndi masanje zimaphatikiza maso, manja, kudikira nthawi yako ndi kulankhula. Kwa mwana wofooka mbali imodzi, akatswiri nthawi zina amaveka sokosi dzanja lamphamvu kwa kanthawi kochepa pa tsiku kuti lofookalo likakamizike kugwira ntchito, njira imene iyenera kuchitika motsogoleredwa ndi wodziwa. Kuunika kwakukulu kwa kafukufuku wosiyanasiyana, kumene Iona Novak wa ku Australia ndi anzake anasindikiza mu 2013, kunapeza kuti njira zokhala ndi umboni wamphamvu ndi zimene mwana mwini wake amayeserera ntchito yeniyeni, cholinga chake chitasankhidwa pamodzi ndi banja, komanso ndondomeko zochitira kunyumba, pamene kungomuwongola ziwalo mwana ali phee kunali ndi umboni wofooka. Zimenezi n'zolimbikitsa kwa boma ngati Ntcheu, pakuti zikusonyeza kuti ola limodzi la katswiri limapindula kwambiri akaligwiritsa ntchito pophunzitsa amene amakhala ndi mwanayo maola ena onse.

Komabe mfundo imeneyi ili ndi msampha wake, umene okonza mapulogalamu amaulumpha mosavuta. Kunena kuti chithandizo chichitikire kunyumba nthawi zambiri kumatanthauza kuti chichitidwe ndi mayi, yemweyo amene akufunika kudimba, kumjigo, kuchigayo ndi kumsika wa Lizulu kukagulitsa kabichi ndi tomato, ndipo kudyetsa kokha mwana wovutika kumeza kumadya nthawi yaitali katatu kapena kanayi pa tsiku. M'midzi yambiri ya ku Ntcheu ukwati ndi wachikamwini, zimene zimaika mayi pafupi ndi amake ndi abale ake amene angamulandire mwana, koma zimachititsanso kuti bambo wofuna kuthawa udindo angonyamula zovala zake n'kubwerera kwawo. Pamwamba pa izi pali zonena za anthu, zoti mwanayo analodzedwa, zoti wina anamukhwimira kuti alemere, kapena zoti makolo anamusempha posasunga mwambo, ndipo banja limatha chaka likuyenda kwa asing'anga ndi kumapemphero, mbuzi n'kutha m'khola, nthawi yabwino yoyambira chithandizo n'kudutsa. Katswiri wanzeru sayamba ndi kunyoza zikhulupirirozi, koma amafotokoza momveka chimene chinachitika mu ubongo, amanena zoona kuti mwanayo sadzachira ngati wodwala malungo koma angathe kuphunzira zambiri, ndipo amaitana agogo, bambo, amalume ndi ana okulirapo kuti aliyense atenge gawo lake. Magulu a makolo, monga a bungwe la PODCAM, amathandiza pa chinthu chimene wachipatala sangapereke, chimene ndi kuona mayi mnzako amene mwana wake anayamba kudya yekha.

Sukulu za mkombaphala, zimene boma limazilimbikitsa pansi pa ndondomeko ya mmera mpoyamba, ndi malo ena amene mwana waulumali angapezepo anzake, phala ndi masewera, komanso amake angapezepo maola angapo opumira. Alezi ambiri m'sukuluzi ndi ongodzipereka ndipo maphunziro awo ndi a nthawi yochepa, kotero kuti ena amakana mwana wotuluka dovu kapena wosadzithandiza yekha chifukwa cha mantha osati nkhanza, ndipo ulendo umodzi wa katswiri wowaonetsa kakhazikidwe ndi kadyetsedwe ka mwanayo ungasinthe yankho lawo. Kumbali ya malamulo dziko silili m'mbuyo: Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, anakhazikitsa lamulo la zaulumali mu 2012, ndipo mu 2024 lamulo latsopano linalowa m'malo mwake n'kusintha bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, limene linayamba ndi lamulo la mu 1971, kukhala MACODA. Aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, koma iwowa amakumana ndi mwana atafika kale zaka za pulayimale.

Chimene malamulo ndi maphunziro a tsiku limodzi sizingachite ndi kubwereranso. Mwana amakula, mpando umene unamukwana mu January umamuthina pofika nthawi yokolola, kachipangizo ka dzanja kamachepa n'kuyamba kutupitsa khungu, ndipo cholinga chimene chinali kugwira kapu chiyenera kusinthidwa kukhala kumanga mabatani a yunifolomu ndi kugwira pensulo. Mlangizi wa zaumoyo kapena mlezi wophunzitsidwa angathe kuona kuti china chake chasintha, koma woyeza ndi kukonzanso ayenera kukhala munthu wa luso, ndipo munthuyo, amene kawirikawiri amakhala pa chipatala chachikulu cha boma, amafika ku Bilira kapena ku Tsangano pokhapokha ngati pali njinga yamoto ndi mafuta. Popeza ndalama zoyendetsera zipatala za m'maboma zimadzera ku makhonsolo, makhansala, mafumu ndi makomiti a zaumoyo a ku Ntcheu ali ndi malo ofunsira ngati maulendo a ogwira ntchito ya fizo ndi occupational therapy opita kuzipatala zazing'ono ali ndi mzere wawo mu bajeti ya chaka, ndiponso ngati mwana aliyense wotuluka m'chipinda cha makhanda odwala kapena wochira malungo a mu ubongo amalemberedwa m'kabuku kake tsiku lodzaonedwanso.